Kamvuluvulu wa Pabwalo ndi Golide wa ku Joni

(Kulira kwa ng'oma, kenaka kuzilala pang'onopang'ono.)

WOKAMBA: Amayi ndi abambo, ndi inu ana asukulu amene mwazungulira wailesi madzulo ano, kuyambira ku Mpingu ndi ku Namitete kumene udutsa msewu wa ku Mchinji, kufikira ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma, ndikupemphani kuti mundibwereke makutu anu kanthawi, pakuti nkhani imene ndasenza lero yachokera kutali kumene phazi la munthu silidzapondako, chinkana khomo lake lolowera lili pabwalo panu pomwepo.

Atsibweni anga, amene tsopano anagona, pobwera kuchokera ku migodi ya ku Joni anatsitsa zinthu zitatu zimene mudzi wonse unadzaziona: bulangeti lolemera, sutikesi yachitsulo, ndi wailesi. Usiku, ife ana titakhuta, iwo ankakhala pakhonde ndi kupotokola kachitsulo ka wailesiyo mosamala monga munthu wotokosa munga kuphazi, kufikira atagwira mawu a ku Lusaka kapena a ku Johannesburg. Koma mawuwo sanali kukhazikika, ankakwera mpaka kumveka kuseri kwa nkhokwe, kenaka n'kumazilala ngati munthu woitana ali tsidya lina la dambo mphepo ikuomba, ndipo tikati athawiratu, ankabweranso. Tsiku lina ndinafunsa kuti, "Kodi atsibweni, ndani akulanda mawuwa?" Iwo anati, "Ndi mphepo yakumwamba, mphwanga." Panapita zaka zambiri ndisanazindikire kuti munthu uja, amene sanapite patali ndi sukulu, analasa pafupi kwambiri ndi choonadi.

Pakuti pamwamba pa mitambo, kuyambira mtunda wa makilomita ngati 100 kupita m'mwamba, kuwala kwa dzuwa kumakantha mpweya kolimba kotero kuti tizidutswa take timasweka, ndipo mpweya woswekawo umabweza mafunde a wailesi zakale zija monga phiri libweza mawu a wofuula. Ndiwo unachititsa kuti makolo athu amve Chinyanja chochokera ku Lusaka kuyambira mu 1949, pamene anayamba kugulitsa wailesi zotsika mtengo zooneka ngati sefuliya. Koma denga limenelo silikhala bata. Limawinduka, limapindika, limang'ambika ndi kulumikizananso, ndipo mawu amakwera ndi kutsika pamodzi nalo.

Mpweya woterewu uli ndi dzina, ndilo plasma, limene Irving Langmuir wa ku America anautcha mu 1928. Tonse tidziwa kuti matalala akatenthedwa asanduka madzi, ndipo madzi akawira asanduka nthunzi. Koma mukasonkhezabe moto kopitirira muyeso, timbewu tating'onoting'ono topanga nthunziyo, timene ophunzira amati maatomu, timakanganuka zikopa zake, maelekitironi amathawa kuchoka ku mitima yawo, ndipo chotsalacho chimakhala chinthu chachinayi, chonyamula magetsi ndi chomvera maginito. Musayese kuti ndi chachilendo. Munachiona m'mphezi imene ing'amba thambo mvula yoyamba ikamagwa; munachiona pa malo a malonda ku Nsaru, m'kuwala kobiriwira kuja kotuluka pansonga ya ndodo ya mmisiri wowotcherera ngolo, kumene amakuletsani kuyang'ana; ndipo muchiona tsiku ndi tsiku, pakuti dzuwa ndi nyenyezi zonse, ndi pafupifupi zonse zowala kuthambo, ndi plasma. Nthaka, madzi ndi mpweya wozizira zimene tikhalamo ife ndizo zosowa m'chilengedwe.

Tsopano tibwerere pabwalo. M'mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala, minda ili yoyera ndipo dzuwa layamba kuswa mtengo, kamvuluvulu amadzuka popanda kupempha odi. Amatola fumbi, makoko a chimanga ndi nthenga za nkhuku, nazizunguza, amayi n'kuthamangira kukavundikira ufa umene anayanika pamphasa. Mukadzamuonanso, musamangothawa, mumupenyetsetse m'mphepete mwake, ndipo mudzaona kuti m'kati mwa kuzungulira kwakukuluko muli timavuluvulu tina tating'ono, ndipo m'timeneto muli tinanso, kufikira diso litalephera. Chimodzimodzi utsi wa chikuni, umene ukwera woongoka ngati bango kutalika kwa chikhatho chimodzi, kenaka n'kusweka ndi kupiringizika. Chimodzimodzi mtsinje wa Namitete ukadzaza, madzi ake akamazungulira kuseri kwa mizati ya mlatho. Achingerezi amati turbulence. Ife tinene kuti chipwirikiti. Mphamvu imalowa pa kamvuluvulu wamkulu, iye naipereka kwa ana ake, anawo kwa adzukulu, kufikira kwa aang'ono kopambana, kumene imatha n'kusanduka kutentha. Andrey Kolmogorov wa ku Russia analemba masamu a cholowa chimenechi mu 1941, ndipo masamu akewo agwirabe ntchito. Koma kufikira lero palibe munthu, ngakhale wanzeru chotani, amene angakuuzeni motsimikiza kumene nthenga ya nkhuku ija idzatera. Ine chimenechi chimandichititsa nthumanzi yokoma: kuti mtundu wa anthu umene unaponda pamwezi ukadagwadabe pamaso pa kamvuluvulu wa pabwalo la agogo.

Ngati chipwirikiti cha mpweya wamba chivuta chotero, nanga cha plasma? M'menemo muli zingwe zosaoneka za maginito, zimene zimamatirira ku plasmayo ndi kupita kulikonse kumene iye apita, ndipo zikakokedwa zimanjenjemera ngati nsambo ya kaligo, monga anaonetsera Hannes Alfvén wa ku Sweden mu 1942. Achikulire mukumbukira kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene kuno dzuwa linadyeka mbali yaikulu, koma ku Lusaka linabisikiratu, anthu naona chisoti choyera chozungulira mdima. Chisoticho chili ndi mwambi wake wosamasulika. Nkhope ya dzuwa itentha madigiri 5,500, koma chisoti, chimene chili kutali ndi moto, chitentha madigiri oposa 1 miliyoni. Kuli ngati munthu wokhala pakhomo kupsa koposa wokhala pamafuwa. Akatswiri ambiri aganiza kuti chipwirikiti ndi kunjenjemera kwa zingwe zija ndizo zinyamula mphamvu kuchokera pansi n'kukaitula m'mwamba. Eugene Parker ananena mu 1958 kuti dzuwa limapuma mphepo ya plasma yofika mpaka kuno, anzake namutsutsa. Koma mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo pa 12 Ogasiti 2018, ali nkhalamba ya zaka 91, anaimirira ndi kuona ndi maso ake chombo chotchedwa dzina lake chikunyamuka kupita kudzuwa. Pa 24 Disembala 2024 chombocho chinadutsa makilomita 6.1 miliyoni okha kuchokera pankhope ya dzuwa, chikuyeza timavuluvulu ta m'chisotimo.

(Kulira kwa kalimba, kwa kanthawi kochepa.)

WOKAMBA: Nyenyezi ndi ng'anjo. Makolo athu Achewa ankamanga ng'anjo zadothi nasungunula miyala kuti atulutse chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa. Koma iwo ankangopatula chitsulo chimene chinalimo kale m'mwala, pamene nyenyezi imachipanga chitsulocho, pophatikiza maatomu opepuka kuti akhale olemera. Khasu limene mwalitsamiritsa kukhomako linaphikidwa m'mimba mwa nyenyezi dziko lisanaumbidwe. Koma pachitsulo ndi pamene pathera mphamvu ya ng'anjoyo. Nyenyezi yaikulu ikadzaza chitsulo mumtima mwake, moto umazima, denga lonse limagwera m'kati pa kamphindi kosakwana sekondi, zakunja zimaphulika ndi kumwazikana, ndipo pakati pamatsala kanthu kodabwitsa kotchedwa nyenyezi ya neutron.

Kuti mumvetse kulemera kwake, dziwani kuti atomu ndi nyumba yopanda kanthu: ikanakula ngati bwalo la mpira, mtima wake ukanakhala ngati njere ya nyemba pakati pa bwalolo. M'nyenyezi yakufayo malo onse opanda kanthuwo afinyidwa, njere zokhazokha zathithikana, kotero kuti chinthu cholemera kuposa dzuwa lathu chalowa m'mpira wa makilomita 20 okha m'mimba mwake, mtunda wosakwana ndi theka lomwe la ulendo wochoka ku Lilongwe kukafika ku Namitete, umene mnyamata wa kabaza angaupalase asanamve ludzu. Mukanatapako ndi kasupuni kothirira shuga, mukananyamula matani ngati 1 biliyoni. Walter Baade ndi Fritz Zwicky analosera za nyenyezi zotere mu 1934, koma amene anayamba kuzimva anali msungwana wophunzira ku Cambridge, Jocelyn Bell, amene mu 1967 anaona kachizindikiro kakang'ono pa mapepala ataliatali a makina ake, kobwerezabwereza pa sekondi imodzi ndi pang'ono, ndipo sanakataye ngati litsiro.

Nthawi zina nyenyezi zoterezi zimakhala ziwiri, zozungulirana. Albert Einstein anali atanena mu 1916 kuti zinthu zolemera zikamazungulirana zimagwedeza mlengalenga weniweniwo, monga ana awiri othamangitsana m'dziwe atumiza mafunde kugombe, ndipo potumiza mafundewo zimataya mphamvu n'kumayandikirana. Mu 1974 Russell Hulse ndi Joseph Taylor anapeza ziwiri zotere, zozungulirana kamodzi pa maola osakwana 8, ndipo zaka za kuyeza zinatsimikiza kuti njira yake ifupika ndi mamita atatu ndi theka chaka chilichonse. Zimenezo zidzakumana patapita zaka 300 miliyoni. Ndani angadikire? Chotero anthu anati, timange khutu lotha kumva zina zimene zikugundana tsopano, kulikonse kumene zili.

Khutulo ndi LIGO, ndipo lili pawiri ku America, ku Hanford ndi ku Livingston, motalikirana makilomita 3,000. Lachitatu, lotchedwa Virgo, lili pafupi ndi Pisa ku Italy. Khutu lililonse la LIGO ndi mipope iwiri yotalika makilomita 4, yokumana monga zipupa ziwiri pangodya ya nyumba, yochotsedwa mpweya wonse, ndipo m'kati mwake kuwala kumathamanga uku ndi uku pakati pa magalasi olenjekeka. Funde likamadutsa, mpope wina umatalika, unzake umafupika, ndi muyeso wochepa kwambiri kuposa njere ija ya pakati pa atomu. Anthu anakalamba pa ntchito imeneyi, zaka zoposa 40 osamva kanthu, ena namwalira. Indedi kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa 14 Seputembala 2015 anamva koyamba, koma zinali zinthu zamdima zosatulutsa kuwala, zimene amati black hole. Umboni unali wa khutu lokha.

Tsono linafika Lachinayi, pa 17 Ogasiti 2017. Kuno nthawi inali 2:41 masana. Amayi ena anali kupeta pabwalo, abambo ena anali kudimba kukonza mabedi a nazale ya fodya, ndipo funde linadutsa m'dziko lonse lapansi, m'nkhokwe iliyonse ya kwa Kabudula, m'chitsime chilichonse cha ku Nambuma, m'thupi mwanu ndi mwanga, osagwedeza ngakhale tsitsi limodzi. Makutu a LIGO okha ndiwo anamva, kwa masekondi ngati 100. Chodabwitsa n'chakuti kugunda kwa mafundewo kufanana ndi kwa mawu amene khutu la munthu limva, kotero kuti akakulowetsa m'chokuzira mawu kumamveka ndithu. Munagwetsapo chivundikiro cha poto pasimenti, n'kumamva chikuzungulira, poyamba mwaulesi, kenaka mofulumira, mofulumirirapo, mpaka phokoso lonse litakwera n'kuduka mwadzidzidzi? Ndimo zinalirira nyenyezi ziwirizo, zikuzungulirana kambirimbiri pa sekondi imodzi, zisanakhudzane.

Patangopita masekondi 1.7, zombo ziwiri zozungulira dziko, Fermi ndi INTEGRAL, zinaona kung'anima kwa kuwala kwamphamvu kosaoneka ndi maso. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri: tsopano khutu linapeza mboni inzake, diso. Ndipo taonani chinthu chokoma: khutu la ku Italy silinamve pafupifupi kanthu, koma kusamvako kunasanduka umboni, pakuti akatswiri anadziwa mbali za thambo kumene khutulo ligontha, nazindikira kuti mawuwo achokera kumeneko. Uthenga unathamanga dziko lonse. Patapita maola 11, dzuwa litalowa ku Chile, telesikopu yaing'ono yotchedwa Swope inapeza kadontho kowala kumene kunalibe kanthu kale, m'mphepete mwa mlalang'amba wotchedwa NGC 4993. Ndipo madzulo a tsiku lotsatira telesikopu yaikulu ya SALT, pa phiri la ku Sutherland ku South Africa, inatembenuka nisanthula kuwala kwake. Malo oonera zakuthambo ngati 70 anasiya ntchito zawo zonse napenya kadontho kamodziko.

Kuwalako kunali paulendo zaka 130 miliyoni, kukuthamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Pamene kunanyamuka, padziko pankayenda zilombo zikuluzikulu za mtundu wa Malawisaurus uja amene chigoba chake chiimirira m'nyumba yosungiramo zakale ku Karonga. Amithenga awiri, funde ndi kuwala, anathamanga ulendo wonsewo nafika mosiyana ndi masekondi osakwana awiri, ndipo potero anatsimikiza kuti liwiro lawo ndi limodzi, monga ananenera Einstein.

Kadonthoko poyamba kanali kobiriwira, koma m'masiku owerengeka kanafiira n'kumazilala, ndipo kufiirako ndiko kunaulula chinsinsi. Nyenyezi ziwirizo pogundana zinamwaza nyama yake kunja, ndipo m'chigumula chimenecho cha ma neutron, timbewu ta m'mitima ya maatomu, maatomu anameza, namezanso, nalemera kupitirira chitsulo kufikira ku zinthu zimene ng'anjo ya nyenyezi wamba singathe kupanga: golide, platinamu, ndi yureniyamu yonga ija ya ku Kayelekera. Pano ndiyenera kulankhula mosamala, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Golide weniweniyo sanaoneke payekha m'kuwalako. Chimene anachizindikira ndi dzina, mu 2019, ndi chitsulo chotchedwa strontium, ndipo za golide azidziwa mwa mtundu wa kuwala ndi mazilalidwe ake, monga mlenje adziwa nyama mwa mapazi. Koma mwa kuyerekeza kwa akatswiri, golide wopangidwa pa kugundana kumodziko alemera kuposa dziko lathu lonse, ndipo ambiri akhulupirira kuti gawo lalikulu la golide wa padziko linachokera ku kugundana kotere, dzuwa lisanabadwe.

Nanga kamvuluvulu uja tamutaya kodi? Iyayi, ali pakati penipeni pa nkhaniyi. Nyenyezi ziwirizo sizigundana mutu ndi mutu ngati nkhosa zamphongo, koma zimakhudzana zikuzungulirabe, ina ikulowera uku, inzake uko, ndipo pamene zikhulana pamabuka timavuluvulu tosawerengeka, monga pamene mtsinje wothamanga ukumana ndi madzi odikha. Timavuluvuluto timagwira zingwe za maginito n'kuzikoka, kuzipota ndi kuzipinda, monga mkulu wopota chingwe cha khonje pantchafu, amene akapota n'kupinda, n'kupotanso, ulusi wofooka umasanduka chingwe chomangira ng'ombe. Ndipo m'kamphindi kochepa kuposa kuphethira kwa diso maginito amakula kambirimbiri. Maginito amenewa ndiwo athandiza kuponya mkondo wa plasma umene uthamanga pafupifupi ngati kuwala, umene kung'anima kwake Fermi anaona; ndiwonso, pamodzi ndi chipwirikiti cha m'zotsala zozungulira, alamulira kuchuluka kwa zimene zimwazidwa kunja ndi zimene zimezedwa. Wofuna kudziwa kuti golide anapangidwa wochuluka bwanji ayenera kuyamba wamvetsa kamvuluvulu. Ndipo apa ndi pamene pavuta, pakuti akatswiri akamayerekeza kugundanaku m'makompyuta aakulu kopambana, amaona timavuluvulu tofika kukula kwa bwalo la nyumba, koma adzukulu ang'onoang'ono aja, kumene maginito akulira msanga, amapulumuka monga usipa m'khoka la maso aakulu. Nthawi iliyonse akachepetsa maso a khokalo, amapeza kuti maginito ndi amphamvu kuposa mmene anayesera. Afunikanso mboni zina. Pa 25 Epulo 2019 kugundana kwinanso kunamveka, koma kuwala kwake sikunapezeke.

Ndikamaganiza zimenezi, mtima wanga umabwerera kwa atsibweni anga ndi anzawo. Golide wa ku Witwatersrand, ku Joni, anapezeka mu 1886, ndipo kwa mibadwo amuna a m'midzi ino ananyamuka ndi Wenela, kenaka ndi Teba, mabungwe olemba anthu ntchito ya m'migodi, kotero kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko. Ambiri a inu mukumbukira Epulo wa 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown, Amalawi 74 obwerera kwawo nathera pomwepo. Amuna amenewo ankatsika pansi pa nthaka makilomita awiri kapena atatu, m'kutentha ndi mumdima, naswa mwala wolemera tani yathunthu kuti mutuluke golide wa magalamu owerengeka, amene ambiri a iwo sanamugwirepo m'manja. Atsibweni ankanena kuti pansipo munthu umaiwala kuti kunja kuli thambo. Ndikanakonda akanakhala moyo kuti ndiwauze kuti chimene ankafukula mumdimamo chinali phulusa la nyenyezi ziwiri, ndi kuti mphepo yakumwamba ija inkawalanda mawu pa wailesi ndi ya mtundu umodzi ndi imene inapeta phulusalo.

Dziko lomwelo la migodi tsopano lamanga makutu akeake. M'chipululu cha Karoo muli MeerKAT, mbale zazikulu 64 zomvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, zimene anazitsegulira mu 2018, ndipo pomwepo akumanga zina zochuluka za ntchito yotchedwa SKA, imene anansi athu a ku Zambia ndi ku Mozambique ali m'gulu la mayiko othandizana nawo. Sindibisa chikhumbo changa: ndifuna kuti mwa ana amene akundimva usiku uno, wina amene saopa masamu adzapite ku Zomba kukaphunzira fizikisi, nadzatsike ulendo wa kummwera umene anayenda agogo ake, koma iye kukakhala pa makina openya m'mwamba.

Ngati mufuna kudziwa kumene zinachitikira, dikirani mwezi wa Meyi, pamene mukukumba mtedza ndipo thambo layera. Cha m'ma 9 koloko usiku, mwezi kulibe, tulukani pabwalo mupenye kummwera, mupeze nyenyezi zinayi zija zooneka ngati mtanda m'mphepete mwa mlalang'amba wathu. Kuchokera pamutu pa mtandawo kwezani maso pang'onopang'ono kufikira atatsala pang'ono kufika paliwombo panu, chakummwera kwa nyenyezi yowala yotchedwa Spica. Pamenepo simudzaona kanthu koma mdima, pakuti NGC 4993 saoneka popanda telesikopu. Koma ndi pomwepo.

 Mugone bwino.

(Kulira kwa ng'oma.)